Opanga zipangizo, kodi munayamba mwawafunsa agogo?

Abale ndiloleni ndinene zomwe zakhala zikundidya mumtima. Chaka chatha tinawagulira agogo anga kachipangizo kowakumbutsa kumwa mankhwala a BP, kokongola ndithu, kolumikiza ku foni, kali ndi app yakeyake. Pano kangokhala mudilowa. Agogo zala zimanjenjemera, akati adine sikirini siyimva, zilembo zake ngati nyerere, ndiye kakalira usiku iwo amadzidzimuka kumaona ngati kwagwa zoopsa. Chomwe chikuwathandiza ndi kabokosi kapulasitiki ka zipinda 7, tsiku lililonse chipinda chake, kopanda batire kopanda pasiwedi.

Ine tekinoloje sindidana nayo ayi. Chimandiwawa n'choti ambiri opanga zinthuzi maso awo ndi akuthwa, zala zolimba, ndiye akupangira munthu yemwe sanakhalepo naye olo tsiku limodzi kuti aone mmene amavutikira kutsegula botolo la mankhwala.

Taonani Sam Farber wa ku America. Mkazi wake Betsey ankavutika ndi nyamakazi m'manja, kugwira chosendera kukhitchini kunali kowawa, bamboyo ataona zimenezo anayambitsa ziwiya za OXO Good Grips mu 1990, zogwirira zake zonenepa zofewa zosapulumuka m'manja. Lero akuzikonda ndi anthu oti alibe vuto lililonse. Chimodzimodzi mumzinda wa Berkeley ku America komweko m'ma 1970, anthu oyenda pa wilitcheya ndi omwe analimbikira kuti m'mphepete mwa misewu mukhale potsetsereka, koma pano akudutsapo ndi mayi wokankha mwana pa kangolo, wokoka chikwama, aliyense. Zinayenda chifukwa mwini vuto analipo poyambirira pomwe.

Ndipo si nkhani ya anthu ochepa iyi. Lipoti la WHO ndi UNICEF la 2022 linati anthu oposa 2.5 biliyoni amafunika chipangizo chowathandiza, kaya magalasi, kaya chothandiza kumva, kaya wilitcheya, koma pafupifupi 1 biliyoni sachipeza.

Ndiye tibwere kunyumba, komwe ine ndimaona kuti timaphonya kwambiri. WHO yomweyo imati anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, ndipo okalamba ndi omwe amachuluka. Kugwa chabe! Pomwe mankhwala ake nthawi zambiri ndi tizinthu tating'ono, chitsulo chogwira kubafa, pansi posaterera, khomo lopanda sitepe, chogwirira chitseko choti ungotsitsa ndi chigongono osati chozungulira chija chofuna kupotokola, kanyale ka sola koyaka kokha munthu akadzuka usiku. Za kusamala magetsi nazonso musazione ngati zapadera, munthu wokalamba amaswera m'nyumba tsiku lonse ndiye ngati mukutentha ngati ng'anjo kapena kuzizira, thupi lake ndi lomwe limalipira. Mawindo oyang'anizana kuti mphepo izidutsa, denga lotchinga kutentha, kuwala kolowa kokha masana, izi zimaganiziridwa pomanga, osati kudzathamangira makina nyumba itatha kale.

Mwezi watha tinaika chitsulo chija kubafa kwa agogo. Ulendo uno tinawaitana kaye, anaima pomwe amasambira n'kutambasula dzanja, malo omwe analoza anali m'munsi kwambiri kusiyana ndi pomwe ife tinalemba ndi pensulo. Tinakhoma pomwe analoza iwowo. Pano akusamba okha, chitseko chili chotseka, osaitana munthu.