Si ulesi wokha ayi

Mwalemba bwino nkhani yanu ya mawu achidule a pa intaneti, koma pomwe mwati achinyamata a ku China ndi ku Japan amafupikitsa mawu chifukwa cha ulesi, pamenepo ndakana. Munthu wa ku China akamalemba pafoni amayamba kutayipa m'zilembo zathu zomwezi, zomwe amati pinyin, kenako n'kusankha chizindikiro cha Chitchaina choyenera. Ndiye kungolemba zilembo zoyamba zokha n'kosavuta. xswl ndi "xiao si wo le", kufa ndi phwete, ndipo yyds ndi kutamanda munthu kuti ndi mulungu wamuyaya. Koma kulemba zf m'malo mwa zhengfu, boma, pamenepo munthu amakhala akuzemba makina osefa mawu pa Weibo, tsamba la mchezo la ku China.

Za ku Japan ndiye zimandipha ndi kuseka. Chilembo w chimachokera ku warau, kuseka. Akaseka kwambiri amalemba wwwww, ndipo poti zimaoneka ngati udzu ukumera, ena anangoyamba kulemba kusa, kutanthauza udzu. Tangoganizani, kuseka kusanduka udzu! Komatu ife tili ndi kkkk wathu, sitingawanene.

Mwaiwalanso KY ya ku Japan komweko, chidule cha kuuki yomenai, munthu wosaona kuti zinthu zili bwanji, uja woyambitsa nthabwala pamaliro.