Mantha a ku Cape Town ndi mbande za ku Malawi

Amalawi amene tikukhala kuno ku Johannesburg timaona ndi maso athu kuti mayiko a South Africa ndi Malawi amasiyana kwambiri pa njira zolimbikitsira anthu kuti agwirane manja pa vuto la kusintha kwa nyengo.

Chilala chitafika posauzana mu 2018, akuluakulu a mzinda wa Cape Town anasankha kuopseza. Analengeza za tsiku lotchedwa Day Zero, pamene mipopi ya m'nyumba ikanatsekedwa ndipo anthu akanayamba kufola ndi zigubu kuti alandire malita 25 patsiku. Kuyambira pa 1 February, aliyense analamulidwa kuti asapyole malita 50 patsiku. Anthu ankasamba ataimirira m'beseni kuti madziwo akatsukire chimbudzi, ndipo madzi amene mzindawo unkagwiritsa ntchito anatsika ndi pafupifupi theka. Tsikulo silinafike. Ine ndikuona kuti manthawo anaphula kanthu chifukwa anabwera ndi muyezo umene aliyense akanautsata ndi ndowa yake, komanso ngoziyo inali ya miyezi yowerengeka.

Kwathu timatsamira pa chiyembekezo. Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 December n'kutha pa 15 April. Akuluakulu amadzala mbande, ana asukulu amaimba, koma chilimwe chikafika mbuzi ndi moto wa osaka mbewa zimamaliza zambiri. Zoopsa nazo sitinazisowe, pakuti mu March 2023 namondwe Freddy anagumula matope m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, komabe matumba a makala akulowabe mu Blantyre panjinga m'bandakucha. Wootcha makalayo si wogontha ayi. Chimamuopsa kwambiri ndi ana kugona ndi njala lero, ndipo mayi wogula makalawo alibe china chophikira.

Chiyembekezo chimene chimagwira kwathu ndi chokhala ndi phindu looneka. Mlimi amasiya msangu m'munda popanda womukakamiza, chifukwa mtengowu umayoyola masamba nthawi ya dzinja, chimanga n'kumalandira dzuwa ndi chonde pansi pake. Mbaula ya Chitetezo nayo imakondedwa chifukwa mtolo umodzi wa nkhuni umakhalitsa. Ngakhale kuno, ambiri amene anakhoma masola pamadenga anatero atatopa ndi kuzimazima kwa magetsi, osati atamva ulaliki wa za nyengo.