Ku Joni nzeru za mlendo zimamveka akazinena wina

Amangwetu, ndiloleni nditulutse zakukhosi. Chaka chachitatu tsopano ndili ku Joni kuno, ndikuyang'anira maseva, makompyuta akuluakulu osunga deta, pa kampani ina yopikulitsa katundu. Database yathu, nkhokwe ya maoda ndi ma invoice, ndi ya pulogalamu ya PostgreSQL, ndipo inkakhala pa ma hard disk akale aja ozungulira ka 7200 pa mphindi. Disk yotere ikamasaka deta yomwazikana imangokwanitsa kuwerenga kapena kulemba pafupifupi ka 100 pa sekondi. Mwezi ukamatha, ma invoice atachuluka, zonse zinkayenda ngati nanzikambe.

Ndinawauza abwana kuti palibe chifukwa chotayira ma disk onse. Chimanga chimakhala m'nkhokwe, koma ufa wa lero umakhala pafupi ndi mafuwa. Tigule NVMe, mtundu wa SSD (disk yosazungulira, yothamanga kwambiri), tiyiike patsogolo pa ma disk kudzera mu pulogalamu ya bcache, yomwe ili mu Linux kuyambira 2013, deta yofunidwa pafupipafupi izikhala pomwepo. Anandiyang'ana ngati ndabwera kudzapempha katapila. Patatha miyezi anaitanitsa katswiri wa suti, anamulipira zoposa malipiro anga a pamwezi, iye n'kunena zomwe zija. Anthu kuwomba m'manja.

Pondiwawa kwambiri ndi apa. Ndinanenetsa kuti pakufunika SSD ya maseva, yokhala ndi timakapasita tosunga mphamvu yoti imalize kulemba magetsi akathima mwadzidzidzi. Iwo anakagula yotchipa, ya anyamata amagemu, n'kulamula kuti tiike writeback. Pamenepo database imauzidwa kuti zalembedwa, chonsecho deta ikadali pa NVMe, sinafike pa disk. Writethrough, yomwe imadikira kuti deta ifike kaye pa disk, akuti njochedwa. M'dziko loti magetsi ankathima mochita kulengeza pa ndandanda! Mabatire a UPS, osunga maseva ali oyaka magetsi akathima, nawo anali atatha kalekale, kalata zanga zokumbutsa zilipo.

Magetsi anathimadi, deta ya pa NVMe ija n'kuwonongeka, database osadzukanso. Tinabwerera ku backup ya usiku wapitawo, maoda a tsiku lonse kupita. Ndinagona pansi pa desiki masiku awiri, chakudya changa buledi ndi tiyi.

Pa msonkhano mawu anali akuti Mmalawi uja ndiye wasokoneza. Ndiyankhe chiyani? Pemiti yanga yamangiriridwa ku ntchito yomweyi, mlongo wanga ku Zomba akudikira fizi, amayi feteleza. Ndinangoti pepani bwana.

Lolemba katswiri uja akubweranso. Andiuza kuti ndikamulandire pageti.