Tatsikani pansi pa mlatho muone

Abale anga a mu Zomba muno, ndili ndi pempho limodzi. Tsiku lina mukamawoloka Likangala kapena kamtsinje kalikonse kotsika m'phirimu, kaya muli pa kabaza kaya wapansi, taimani pang'ono mutsetserekere kumadzi, muuyang'ane mlathowo chapansi pake. Ine ndachita zimenezi sabata yathayi pa kamlatho ka kudera kwathu kuno, ndipo kuyambira tsiku limenelo mtima wanga sunakhale m'malo. Pamwamba m'posalala, zitsulo zogwirira anazipaka penti chaka chathachi. Koma kunsi madzi anakumba mpaka maziko a nsanamira ali pamtunda, dzanja langa linalowa lonse pansi pa konkireti. Pamenepo m'pamene ana athu amadutsa m'mawa uliwonse popita kusukulu.

Malemu bambo anga anagwira ntchito ya misewu zaka zambiri, anali kapitawo wa gulu lokonza makalavati ndi ngalande. Ndili mwana ndinkawaperekera chakudya kuntchito, ndipo chimene ndinaphunzira kwa iwo n'chakuti mlatho umayamba kufa kumapazi. Madzi akamathamanga amazungulira nsanamira n'kumachotsa mchenga ndi timiyala pang'onopang'ono, dzinja ndi dzinja. Palibe amene amaona chifukwa tonse timadutsa pamwamba. Tsiku limene wagwa timati mvula yachita kunyanya, chikhalirecho unayamba kudwala zaka zisanu zapitazo.

Zomba si mzinda wapachidikha. Tinamanga m'munsi mwa phiri, ndipo madzi ambiri ogwa pamwamba paja amadutsa pakati pathu asanafike ku nyanja ya Chilwa. Mulunguzi, Likangala ndi timakwawa tosawerengeka timene timauma m'chilimwe, tonseti tili ndi njira zake zakalekale. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Ife tamanga nyumba m'makwawamo, tatseka ngalande ndi mipanda ya njerwa, tadula mitengo m'phiri kuti tiotche makala. Kale mvula inkagwera pamasamba n'kulowa m'nthaka, n'kumatsika mwaulemu. Lero imagwera padazi, n'kutsika nthawi imodzi itanyamula matope, miyala ndi zitsa. Kalavati amene anamuyeza kuti adzikwana madzi a nthawi ya nkhalango sangakwane madzi a lero. Tinaziona mu January 2015, tinaziona ndi namondwe Idai mu 2019, ndi namondwe Ana mu 2022, ndipo namondwe Freddy mu March 2023 anatisiyira maliro m'chigawo chonse cha kummwera. Amene akuganiza kuti zoterezi sizidzabweranso akudzinamiza.

Pali nkhani ina imene timaopa kuikamba chifukwa ikukhudza m'phika wa anzathu: mchenga. Pitani m'mbali mwa Likangala muone milu ya mchenga ndi malole akudikira. Anyamata ndi amayi amene amakumba aja sindikuwada ayi, ndi anthu ofuna chakudya cha ana awo, ndipo nyumba yanga yomwe ino inamangidwa ndi mchenga wa mumtsinje. Koma kukumba pafupi ndi mlatho n'kudula nthambi imene wakhalira. Ukachotsa mchenga kumunsi kwa mlatho, mtsinje umazama, ndipo madzi amayamba kudya chobwerera m'mbuyo kufikira atapeza maziko. Chofunika si kuthamangitsa anthu ndi zibonga. Chofunika n'kuwapimira malo, kuika zikhomo zooneka kuti kuyambira apa mpaka apo sipakumbidwa, mafumu ndi makhansala n'kugwirizana chimodzi, ndipo lole yonyamula pamalo oletsedwa ilipitsidwe, chifukwa mwini lole ndiye amadya phindu lalikulu.

Tsono za kamangidwe. Kamlatho ndikunenaka sikakale ayi. Ndinaona ndi maso anga kakumangidwa, ndipo dzina la kontrakitala sinditchula chifukwa si iye yekha amene amatero. Anathira konkireti Lachisanu, pofika Lachiwiri matabwa anali atachotsa kale kuti akagwiritse ntchito kwina. Panalibe wothirira madzi. Mmisiri aliyense wodziwa ntchito adzakuuzani kuti konkireti imafuna kukhala yonyowa kwa sabata yathunthu, ndipo mphamvu yake yeniyeni imayezedwa pakatha masiku 28. Ikauma msanga padzuwa la October imaoneka yolimba kunja koma m'kati ndi yofumbutuka. Chinanso, zitsulo za m'kati zimayenera kukutidwa bwino ndi konkireti. Zikakhala pafupi ndi kunja chinyezi chimazipeza, zimachita dzimbiri, dzimbirilo limafufuma n'kung'amba konkiretiyo kuchokera m'kati. Mukaona mizere yofiirira ikutsika pakhoma la mlatho, dziwani kuti matenda alowa. Ndipo thumba la simenti limene pepala likuti lithiridwe pano likathera kunyumba ya wina, mchenga ndiye umalowa m'malo mwake.

Zonsezi zimapeweka ndi munthu mmodzi: injiniya woyang'anira amene ali pamalopo tsiku lothira konkireti, wokhala ndi mphamvu yonena kuti gumulani muyambirenso, ndipo wosaopa foni yochokera kwa bwana wina aliyense. Ana athu akuphunzira uinjiniya ku yunivesite ya MUBAS, ena akumaliza n'kumangokhala pakhomo. Nanga bwanji timilatho ta ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, timamangidwa nthawi zina popanda woyeza kuchuluka kwa madzi amene amadutsa pamenepo, popanda wokumba kuona ngati pansi pali thanthwe kapena dothi lofewa? Ndalama yolipira injiniya ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi kumanga kawiri.

Koma chimene chandilembetsa kwenikweni si milatho. Ndi zimene timatulutsa m'nyumba zathu, zimene sitifuna kuzitchula pagulu.

Taganizani ulendo wa madzi a mu Zomba. Amachokera ku damu la Mulunguzi pamwamba paphiri, ozizira, oyera, okoma kuposa a m'mizinda yambiri m'dziko muno. Amatsika okha m'mapaipi chifukwa cha kutsetsereka kwa malo. Timamwa, timaphikira, timasamba, timagejemula m'zimbudzi. Kenako amapita kuti? Mbali yochepa ya mzinda ndiyo yolumikizidwa ku mapaipi a suweji opita ku malo oyeretsera a ku Chikanda, ndipo akachoka kumeneko amathira mu Likangala. Enafe tili ndi masepitiki thanki, ndipo ochuluka zedi, ku Chinamwali, ku Sadzi, ku Mpondabwino, ku Chikanda komweko, ndi zimbudzi zokumba. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 105,000 mumzinda uno, ndipo lero tachuluka kuposa pamenepo. Onjezani ophunzira a pa yunivesite ya ku Chirunga amene adzaza m'mahositelo a m'makomboni, chipatala chachikulu, ndende, asilikali ndi apolisi. Mapaipi ambiri a pansi pathu anaikidwa mzinda uli waung'ono.

Malo oyeretsera zonyansa si chinthu chomanga n'kuchiiwala. Pakhomo pake pamakhala zitsulo zotchinga zinyalala zofunika kupalidwa tsiku ndi tsiku. Matope okhazikika pansi amafunika kuchotsedwa, apo ayi malo amachepa, ndipo madzi amangodutsa osakhalitsa nthawi yoti tizilombo toononga zonyansa tigwire ntchito yake. Zikatero chotuluka kunja chimafanana ndi cholowa. Chimodzimodzi sepitiki thanki yapakhomo: imafuna kupopedwa pakapita zaka zingapo. Ndi angati mwa ife tinaitanapo galimoto yopopa thanki isanasefukire? Ndipo galimotoyo ikapopa, timafunsa kumene ikukataya?

Chaka chatha chivundikiro cha suweji pa njira ina imene ndimadutsa chinasefukira kwa masabata. Madzi akuda ankayenda m'mbali mwa msewu, pafupi ndi amayi ogulitsa tomato ndi masamba, ana a sukulu akulumpha ndi mapazi opanda nsapato. Tinakanena kumene tinayenera kukanena, tinauzidwa kuti galimoto ilibe mafuta. Atabwera kudzatsegula, zimene anatulutsa mupaipimo zinandichititsa manyazi: matewera a ana, majumbo, nsanza, zitsononkho, mchenga wotsukira mapoto. Choncho mlandu uli mbali ziwiri. Iwo anachedwa, koma amene anatseka paipiyo ndife.

Tsono tsatirani Likangala mpaka kumathero ake. Amadutsa m'midzi momwe anthu amachapa, kusamba ndi kuthirira madimba. Amathirira mpunga ku sikimu ya Likangala. Kenako amathira m'nyanja ya Chilwa, nyanja imene ilibe mtsinje wotulukira. Chilichonse cholowa mmenemo chimakhala momwemo, madzi okha ndiwo amauluka ndi dzuwa. M'nyanja imeneyi ndimo asodzi amagona m'zimbowera, akumwa madzi omwewo. Mmenemo ndimo muchokera matemba, milamba ndi makumba amene timagula mumsika wa Zomba. Zimene tataya kumtunda zimabwerera pambale pathu madzulo. Kolera amene anayamba ku Machinga mu March 2022 anapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno. Ambiri a ife tinayenda maliro amenewo, tinaona abale akuikidwa mothamanga, opanda mwambo, thupi osaliona nkhope. Matenda amenewa njira yake yaikulu ndi chimbudzi kukumana ndi madzi akumwa. Ndiye munthu akamakonza paipi ya suweji, kwa ine akugwira ntchito yofanana ndi ya dokotala, kungoti iye amafika wodwala asanadwale. Koma taonani mmene timawaonera anthu amenewa. Amalowa m'maenje opanda magolovesi, opanda majombo, ndipo tikakumana nawo timagwira mphuno.

Za nyumba za boma ndi za mzinda ndingonena mwachidule. Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo Nyumba ya Malamulo inakhala kuno mpaka 1994. Nyumba ya Masongola, momwe ankakhala akuluakulu a boma la atsamunda, inamangidwa m'zaka za m'ma 1880 ndipo ikadali chiimire. Njerwa zimenezo anaumba ndi agogo athu, ngalande zamiyala za kumtunda kuja anayala ndi manja awo, ndipo zina zikugwirabe ntchito. Nyumba zakalezi sizikugwa chifukwa cha ukalamba. Zikuonongeka chifukwa lata limodzi likadontha palibe wokwera kukakhoma, magata akadzaza masamba palibe wochotsa, madzi amalowa m'khoma, chiswe n'kutsatira. Kukamabwera alendo timapaka laimu kumaso kokha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo zimbudzi za m'misika ndi m'madepoti, zimene timalipira pakhomo, ndalama yake iyenera kuoneka pa mpope wotuluka madzi ndi sopo.

Ndikudziwa kuti ndalama ndi zochepa, ndipo ambiri timazemba misonkho ya mzinda, ena chifukwa cha umphawi, ena chifukwa saona chimene imagwira. Koma vuto lina ndi la mtima wathu ovota. Timaombera m'manja chinthu chodulidwa riboni. Khansala amene wachotsa matope m'makalavati makumi awiri sitimuvinira, chifukwa palibe chojambula. Wandale amadziwa zimenezi, ndiye amatipatsa chimene timavinira. Ine ndikufuna tiyambe kufunsa mafunso ena. Mu bajeti ya chaka chino, ndalama yosamalira zimene zilipo kale ndi zingati? Milatho ya mumzinda uno inayenderedwa liti komaliza, ndipo lipoti lake lili kuti? Madzi otuluka ku Chikanda amayezedwa kangati, zotsatira zake bwanji osazimata pa bolodi kuti tonse tiziwerenga? Pa ntchito iliyonse payenera kukhala chikwangwani chonena mtengo, womanga, woyang'anira ndi tsiku lomaliza. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo mafunso awa ndi ena mwa amene linapangidwira. Kufunsa si mwano.

Ndipo nthawi yogwira ntchitoyi ndi ino ya chilimwe, mitsinje ili yophwa, maziko akuoneka. Ino ndiyo nthawi yoika mabasiketi a waya odzaza miyala m'mbali mwa nsanamira, yobwezeretsa dothi kumapeto a milatho kumene madzi amakonda kudulira, yofukula ngalande. Chizimalupsa chikagwa tachedwa kale.

Loweruka likubwerali ife a kudera kwathu tagwirizana kukumana pa kamlathoko 6 koloko m'mawa ndi makasu, mafosholo ndi mawilibala. Tichotsa zinyalala zatseka kalavati, ndipo tijambula maziko aja kuti tikapereke kalata kwa a khansala athu, a mfumu atasainira. Kukonza nsanamira si ntchito yathu, imeneyo ikufuna injiniya, ndipo kalatayo ikunena zomwezo. Inu a ku Matawale, a ku Chinamwali, a ku Sadzi, a ku Three Miles, tatsikani pansi pa milatho yanu mujambule, munditumizire zithunzizo ndi dzina la malo. Ndizisonkhanitsa zonse tikapereke pamodzi mvula isanayambe.