Abapedi sanakane Luther, anakana mwini malo

Ambiri akamakamba za mipingo yoyima payokha ku South Africa amathamangira kunena kuti anthu akuda ankafuna mitala ndi ng'oma m'tchalitchi. Kwa Abapedi, mtundu wa anthu a kumpoto kwa dzikolo, sizinayambe choncho. Ine ndimaona kuti mng'alu unali m'chiphunzitso cha amishoni eniake.

Alexander Merensky wa Berlin Mission, bungwe la amishoni a Chilutera ochokera ku Germany, atafika kwa Sekwati, mfumu ya Abapedi, mu 1861, anapeza ena, monga Jacob Mantladi, atamva kale uthenga ku Cape kumene amuna ankakagwira ntchito kuti agule mfuti. Sekhukhune, mwana wa Sekwati amene analowa ufumuwo, atayamba kuzunza Akhristu mu 1864, Merensky anathawa nawo n'kukhazikitsa Botshabelo pafupi ndi Middelburg mu 1865.

Apa ndiye pagona nkhani. Malowo anali ogula, choncho Merensky anakhala m'busa, mwini munda komanso woweruza milandu, zonse munthu mmodzi. Wokhala pamalopo ankagwira ntchito ya mishoni, kupereka gawo la zokolola, n'kuwonjezanso msonkho wa boma la Maburu. Akadandaula, ankamuwerengera Aroma 13 ndi chiphunzitso cha Chilutera cha maufumu awiri: Mkhristu azimvera boma. Boma lake liti? Lomwelo limene linkalanda malo a Abapedi. Koma kugonjera mfumu ya kwanu kunkaoneka ngati kubwerera ku chikunja. Chiphunzitso chotere munthu wamagazi achifumu sangachimeze.

Johannes Dinkwanyane, m'bale wake wa Sekhukhune, sanachimezedi. Mu 1873 anachoka ku Botshabelo ndi anthu mazana angapo n'kukamanga ku Mafolofolo, kufupi ndi Lydenburg. Chikhristu sanachisiye, iye ndi anthu ake ankapempherabe okha mpaka iye anaphedwa mu 1876 Aswazi ndi Maburu atawathira nkhondo.

Kenako panabuka nkhani ya ubusa. Berlin Mission inkaphunzitsa kuti mpingo udzakhala wa eni dziko "akadzakhwima", koma woyeza kukhwimako anali mmishoni yemweyo, wosunganso chopereka. Martinus Sewushane analalikira zaka zoposa 20 asanadzozedwe mu 1885, ndipo ngakhale atadzozedwa anakhalabe wothandizira mzungu. Mu 1890 iye ndi anzake anayambitsa Lutheran Bapedi Church. Taonani dzinalo: Chilutera anachisunga, katekisimu ndi ubatizo osasintha, anangowonjezera dzina la mtundu wawo. Mmishoni mmodzi, Johannes Winter, anapita nawo n'kuthandiza kudzoza abusa achipedi, ndipo Berlin inamuchotsa ntchito.