Mawu a Chingerezi oyamba ndi sn ndi gl tiziwaphunzitsa ndi matanthauzo ake

Aphunzitsi a Chingerezi ndi makolo anzanga, ndili ndi pempho. Tisiye kupatsa ana mindandanda ya mawu oti angoloweza popanda kuwauza tanthauzo. Mwana amakopera mawu khumi oyamba ndi zilembo zofanana, kuwatchula mokweza bwinobwino, koma ukamufunsa kuti mawuwo akunena chiyani, amangoti kakasi. Zimandiwawa, chifukwa mawu ambiri oyamba mofanana amakhala pa chibale m'matanthauzo, ndipo chibale chimenechi n'chimene chingamuthandize mwanayo kuti asaiwale.

Tsegulani mtanthauziramawu pa sn. Snore ndi kuliza mkonono. Sneeze ndi kuyetsemula. Sniff ndi kununkhiza, snot ndi mamina, snout ndi mphuno ya nkhumba kapena ya galu. Snuff ndi fodya uja agogo amatapa pang'ono ndi zala n'kukokera m'mphuno. Snort ndi kutulutsa mpweya m'mphuno mwamphamvu. Onsewa akhazikika pa mphuno. Muuzeni mwana agwire mphuno yake pamene akuwerenga mawu asanu ndi awiriwa, ayetsemule dala pa sneeze, alize mkonono pa snore kalasi yonse iseke. Mawa mukamufunsa ayankha asanaganize n'komwe.

Ndipo sneeze ali ndi mbiri yakeyake. Kale Angerezi ankati fnese, kuyamba ndi f. Cha m'zaka za m'ma 1400 ndi pamene mawuwa anasintha n'kuyamba ndi sn, kulowa m'gulu la anzake a mphuno.

Pa gl nkhani yake ndi kuwala ndi maso. Glow ndi kuwala kwa khala la moto lopanda malawi, monga mbaula imaonekera usiku magetsi atazima. Glare ndi kuwala kothobwa m'maso, kwa dzuwa likamenya pa malata atsopano. Gleam ndi glitter ndi kunyezimira, glint ndi kung'anima kamodzi kokha, glance ndi kuponya diso mwachangu. Katswiri wa zilankhulo wa ku Britain, J. R. Firth, anapatsa magulu oterewa dzina loti phonestheme mu 1930. Mu 2004 Benjamin Bergen wa ku America anaonetsa kuti anthu olankhula Chingerezi amazindikira msanga mawu a gulu lotere akangoona kumene mnzake wa gulu lomwelo. Ndiye kuti chibalechi chilidi m'mutu mwa eni chilankhulo. Ife tikubisiranji ana athu?

Kwa mwana wa kwathu kuno zimenezi si zachilendo. Wakula akumva kuti kwayera mbee, kwada bii, kwacha ngwee. Khutu lake linazolowera kale mvekero, likudziwa kuti kamvekedwe ka mawu kamanyamula tanthauzo. Mphunzitsi angoyambira pamenepo.

Ndikudziwa ena anena kuti nanga snow, snake ndi snail bwanji? Nanga glue ndi glove? Zoonadi, amenewa alibe chochita ndi mphuno kapena kuwala. Chisanu choundana, njoka ndi nkhono zangopezeka pa tsamba limodzi ndi mamina. Choncho si lamulo ayi, ndipo mphunzitsi azinena poyera kuti ana asamangolota matanthauzo. Koma kwa ine apa ndi pamene phunziro limakoma. Lembani mawu khumi ndi awiri a sn pa bolodi, ana akhale m'magulu ndi mtanthauziramawu ngakhale umodzi, asankhe okha kuti a mphuno ndi ati, olowerera ndi ati. Atsutsane ndithu. Mwana amene walimbana ndi mnzake pa tanthauzo la snail sadzaliiwala.

Tisaiwale kuti kuno ku Malawi ukalephera Chingerezi satifiketi ya MSCE supeza, ngakhale masamu ndi sayansi utakhoza bwanji. Ndipo mafunso a sayansiwo amabweranso m'Chingerezi. Mwana wodziwa kutchula mawu koma osadziwa tanthauzo amagwa pa funso limene yankho lake akulidziwa.

Amene muli ndi ana a Sitandade 5 kupita m'tsogolo, yesani madzulo ano ndi wr. Apatseni wrap, wring, wrist, wrench ndi wriggle, muwauze kuti w satchulidwa, kenako afufuze okha chimene chikugwirizanitsa kukulunga, kufinya chovala, pamfundo pa dzanja, sipanala ndi kudzipotokola kwa nyongolotsi. Mubwere mudzandiuze zimene apeza.