Vuto si VAR, ndi anthu oigwiritsa ntchito

Mwalemba kuti VAR, njira yothandiza oyimbira mpira poonanso kanema wa zomwe zachitika, ichotsedwe chifukwa ikupha chisangalalo cha mpira. Ine ndikukana ndithu, ndipo mu June 2024 matimu 19 mwa 20 a Premier League anavota kuti ikhalebe.

Kumbukirani pa 30 September 2023, Tottenham ikusewera ndi Liverpool. Luis Díaz wa Liverpool anagoletsa chigoli chabwinobwino, oyimbira n'kuchikana ati ofusayidi. Kanema anaonetsa poyera kuti sanali ofusayidi, koma a m'chipinda cha VAR ankaganiza kuti chigolicho chaloledwa kale, ndiye anangovomereza. Pamenepo makina analakwa chiyani? Ngakhale PGMOL, bungwe loyang'anira oyimbira mpira ku England, inavomera kuti analakwitsa ndi anthu.

Chomwe chimandiwawa ine n'kudikira nthawi yaitali osadziwa chomwe akuyang'ana. Atilole tizimva zomwe oyimbira akukambirana nthawi yomweyo, asamatibisire.